Msewu wa mpikisano wa ku East London: unachokera kuti, ndipo galimoto yanga ingaupirire?

"Bambo, ndakhala mumzinda wa East London ku South Africa kwa zaka zitatu tsopano. Loweruka lina mnzanga wa kuntchito ananditengera kutsidya kwa mtsinje wa Buffalo, m'mbali mwa nyanja, n'kundionetsa msewu womwe akuti kale kunkathamanga magalimoto a Formula One. Ine sindinakhulupirire chifukwa ndinangoona msewu wamba, wopanda mipanda italiitali ngati yomwe timaona pa TV. Tsopano akundinyengerera kuti tikalembetse pa tsiku lomwe anthu wamba amaloledwa kuthamangitsa magalimoto awo kumeneko. Yanga ndi yaing'ono, ya injini ya 1.6, ndipo ndi yomwe ndimapitira kuntchito. Mtima ukufuna koma mantha andigwira. Kodi mbiri imeneyi ndi yoona? Msewuwo unakhala bwanji? Nanga ndikhoza kubwerako bwinobwino, ine ndi galimoto yomwe?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mnzanuyo sanakunamizeni. Msewu munauonawo ndi umodzi mwa malo akale kwambiri a mpikisano wa magalimoto mu Africa muno, ndipo mpikisano wa Formula One wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse unachitikirapo katatu: mu 1962, mu 1963 ndi mu 1965. Za mantha anuwo, musachite nawo manyazi. Pa zaka zomwe ndakhala ndikukonza magalimoto othamanga ndi kuthandiza kuimika mbendera m'makona, amene amandidetsa nkhawa ndi uja amabwera tsiku loyamba alibe mantha ndi pang'ono pomwe. Wamantha amamvera, amafunsa, ndipo madzulo amabwerera kwawo pa galimoto yake yomwe. Galimoto ya 1.6 yosamalika bwino ikhoza kuzungulira msewu umenewu tsiku lonse. Koma muyenera kuudziwa kaye msewuwo, ndipo kuti muudziwe muyenera kumva mmene unabadwira, chifukwa makona ake ndi ana a mbiri yake.

Mwanena kuti munangoona msewu wamba. Maso anu anaona zoona. Malo amenewa anayamba ngati misewu ya anthu onse, yomwe ankangoitseka pa tsiku la mpikisano. Mpikisano woyamba wa South African Grand Prix unachitikira kuno pa 27 December 1934, pa njira yotalika makilomita opitirira 24 ulendo umodzi wozungulira. Anapambana ndi Whitney Straight pa galimoto ya Maserati. Masiku amenewo sankanyamuka onse pamodzi ayi. Magalimoto ofooka ankanyamuka poyamba, amphamvu n'kumadikira mphindi zingapo, kuti pomaliza onse akumane pafupi ndi mzere womalizira. Choncho Straight anayenera kuthamangitsa anzake omwe anali atapita kale kutali, n'kumawadutsa mmodzimmodzi pa msewu wopapatiza. Kuyambira mu 1936 njirayo anaifupikitsa kufika pa makilomita pafupifupi 17.7, ndipo inkadziwika ndi dzina loti Prince George Circuit, polemekeza mwana wa mfumu ya ku Britain yemwe anayendera South Africa mu 1934. Dzinali lilipo mpaka lero, ngakhale ambiri amangoti East London Grand Prix Circuit.

Chaka chomwe okonda mbiri amakonda kukumbukira m'nyengo imeneyo ndi 1937, pamene kampani ya Auto Union ya ku Germany inabweretsa magalimoto ake a injini ya masilinda 16 yokhala kumbuyo kwa dalaivala. Anawayendetsa Bernd Rosemeyer ndi Ernst von Delius. Panalibe galimoto ina pamsewupo yomwe ikanayandikira liwiro lawo, komabe sanapambane. Dongosolo lonyamuka mochedwa lija linawapanikiza, ndipo msewuwo unkadya matayala awo moti ankaimaima kuti asinthe. Anapambana ndi Pat Fairfield pa galimoto yaing'ono ya ERA. Nkhani ya matayalayi muisunge, tibwererako. Mu 1939 anapambana Luigi Villoresi wa ku Italy, kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaimitsa zonse.

Msewu womwe munaonawo ndi wa mu 1959. Pofika nthawi imeneyo njira ya makilomita 17 inali yovuta kuilondera komanso kuitseka, ndiye anakonza yaifupi ya makilomita 3.92, mbali ina ikutsata msewu wakale uja, pamalo otsetsereka oyang'ana kunyanja ya Indian Ocean. Malowo ali ngati mbale yopendekeka, moti wokhala pachitunda amaona gawo lalikulu la msewu, nyanja ili kuseri kwake. Paul Frère wa ku Belgium anapambana pa 1 January 1960, Stirling Moss anapambana kumapeto kwa chaka chomwecho pa Porsche, ndipo Jim Clark anapambana mu 1961. Itatuyi sinkawerengedwa pa mapointi a ukatswiri wa dziko lonse, koma ndi yomwe inatsimikizira akuluakulu a masewerawa kuti East London ingakwanitse.

Tsiku lalikulu kuposa onse m'mbiri ya msewuwu ndi 29 December 1962. Unali mpikisano womaliza wa chaka, ndipo ukatswiri unali pakati pa anthu awiri: Graham Hill wa kampani ya BRM ndi Jim Clark wa kampani ya Lotus. Clark akanapambana tsikulo, ukatswiri unali wake. Ananyamuka ali patsogolo, anatsogola kuyambira pachiyambi, ndipo Hill analibe njira yomupezera. Mpikisano unali wa maulendo 82 ozungulira. Atatsala ndi pafupifupi 20, kumbuyo kwa Lotus kunayamba kutuluka utsi. Oyilo anali akudontha chifukwa cha kabawuti kakang'ono komwe kanamasuka pa injini. Clark anaima, Hill anapambana mpikisano ndi ukatswiri womwe, ndipo ukatswiri wa opanga magalimoto unapita kwa BRM, koyamba ndi komaliza. Bruce McLaren anali wachiwiri, Tony Maggs wa ku South Africa komweko wachitatu, ndipo Neville Lederle, nayenso wa komweko, anamaliza pa nambala 6 n'kupeza pointi. Nkhani imeneyi ndimaifotokozera wachinyamata aliyense amene ndikumuphunzitsa kugwira sipanala. Dalaivala wothamanga kuposa onse, pa galimoto yothamanga kuposa onse, analuza chaka chonse chifukwa cha kachitsulo kosakwana ndi chala chomwe.

Clark anabwezera mu December 1963, pomwe anapambana kuno n'kukwanitsa mipikisano 7 mwa 10 ya chaka chimenecho. Anapambananso pa 1 January 1965, tsiku lomwe Jackie Stewart anathamanga koyamba pa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse n'kumaliza pa nambala 6. Poyeserera chaka chimenecho Clark anazungulira msewuwu m'mphindi imodzi ndi masekondi 27.2. Mukawerengera, ndiye kuti liwiro lake lapakatikati linali makilomita opitirira 160 pa ola, kuphatikiza makona onse okhota kwambiri, pa injini ya malita 1.5 okha. Injini yanu ndi yaikulu pang'ono kuposa imeneyo, ngakhale galimoto yake inali yopepuka koposa theka la yanu.

Nanga n'chifukwa chiyani anachokako? Mu 1966 malamulo anasintha, injini zinakula kufika malita 3. Mpikisano wa pa 1 January chaka chimenecho, womwe anapambana Mike Spence, sunawerengedwenso pa ukatswiri. Msewu wa East London unayamba kuoneka wochepa kwa magalimoto atsopanowo, pamene kufupi ndi Johannesburg kunali msewu wa mpikisano wa Kyalami, womwe unatsegulidwa mu 1961, pafupi ndi anthu ambiri komanso ndalama zambiri. Mu 1967 Grand Prix inasamukira kumeneko ndipo sinabwererenso. Komabe mzindawu sunasiye kubereka: Jody Scheckter, katswiri wa dziko lonse wa mu 1979 pa Ferrari, anabadwira ku East London mu 1950.

Kusamukako, ine ndimakuona ngati mwayi wa msewuwu. Misewu yomwe inapitiriza kulandira Formula One anaiphwanyaphwanya n'kuimanganso. Kyalami yeniyeniyo inasinthidwa moti mbali yaikulu ya njira yoyamba kulibenso. East London inatsala m'manja mwa okonda masewerawa a m'deralo, gulu la Border Motorsport Club, ndipo njira yake idakali yomwe ija Clark ndi Hill anadutsamo. Lero kumachitika mipikisano ya m'chigawo ndi ya dziko la South Africa, ya magalimoto ndi njinga zamoto. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo: mukuyenda pa msewu woganiziridwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi yomwe sankasiya malo aakulu a phula kunja kwa kona oti wolakwitsa akaimirepo.

Tsopano tizungulire limodzi. Kayendedwe kake n'kotsata mivi ya wotchi, kutanthauza kuti makona akuluakulu ndi okhotera kumanja. Mukanyamuka pa mzere woyambira muli pa msewu wowongoka wautali, ndipo kona yoyamba ndi Potters Pass. Imeneyi ndi yomwe imapatsa msewuwu ulemu m'dziko lonselo. Ndi kona yaitali, yokhotera kumanja, yothamanga kwambiri, moti magalimoto a mpikisano amailowa pa liwiro lopitirira makilomita 200 pa ola. Akatswiri ena pa magalimoto okonzedwa bwino amaidutsa osachotsa phazi pa moto, ndipo nkhani imeneyi mudzaimva kambirimbiri pamalo oimika magalimoto. Musaitengere. Vuto la kona yothamanga n'lakuti galimoto imakhala itatsamira mbali imodzi kwa masekondi angapo. Mukachita mantha muli pakati pake n'kuchotsa phazi mwadzidzidzi, kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo amapepukidwa, ndipo kumbuyoko kumayamba kupotolokera kunja. Magalimoto aang'ono okoka ndi matayala akutsogolo, monga ndikuganizira kuti yanu ilili, amachita zimenezi mosachenjeza. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro musanayambe kukhota, galimoto ili chowongoka, kenako n'kudutsa kona yonse phazi lili pa moto mofatsa, osawonjezera mwaphuma, osachotsa. Maso akhale kutali komwe mukufuna kutulukira.

Mukatuluka mu Potters liwiro limapitiriza kukwera mpaka Rifle Bend, dzina lochokera ku malo ophunzirira kuwombera mfuti omwe anali m'deralo. Imeneyinso ndi yakumanja, yokhota pang'ono chabe, koma mumaifika pa liwiro lalikulu kuposa pena paliponse. Ndiye mukangoitsiriza, kutsogolo kwanu kuli Cocobana, kona yokhota ngati chigongono, yoti mutsike mpaka giya yachiwiri.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa pa galimoto yopitira kuntchito, ngozi yeniyeni ya msewuwu ili pa mabuleki a pa Cocobana. Kuchokera pa kona yomaliza, kudutsa mzere woyambira, Potters ndi Rifle, mumakhala mukusonkhanitsa liwiro kwa mtunda wautali ndithu, ndipo lonselo muyenera kulitaya pamalo amodzi. Mphamvu yomwe mabuleki amasandutsa kutentha sikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Kuima kuchokera pa makilomita 160 pa ola n'kolemera kanayi kuposa kuima kuchokera pa 80, ndipo pa 160 mumadutsa mamita 44 pa sekondi iliyonse. Mumsewu wamba mumaponda mabuleki mwamphamvu chonchi mwina kamodzi pachaka. Kuno muziponda mphindi ziwiri zilizonse. Mapadi akatentha mopitirira amayamba kuterera pa disiki, ndipo mumamva fungo lopserera. Choopsa kwambiri ndi mafuta a mabuleki. Amenewa amayamwa chinyezi akamakalamba, ndipo mumzinda wa m'mbali mwa nyanja chinyezi sichisowa. Mafuta a mabuleki atsopano a mtundu wotchedwa DOT 4 sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 155. Akawira mumapangika nthunzi m'mapaipi, nthunzi imafinyika, ndipo chopondera chimangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Ndinaonapo bambo wina, wodekha bwino, akupitirira kona yotere chifukwa galaji ina inamuuza kuti yasintha mafuta pamene inangowonjezera pamwamba. Anatuluka wamoyo, koma galimoto inapita pa lole. Choncho musanapite, mafuta onse a mabuleki atsanulidwe n'kuikamo atsopano inu mukuona, mapadi akhale otsala koposa theka, ndipo mukamva chopondera chayamba kufewa ngakhale pang'ono, tulukani ulendo womwewo. Musaime chiimire ndi mabuleki otentha kapena kukoka handibuleki. Ngati chopondera chili bwino, yendani kaye ulendo umodzi mofatsa musanatuluke kuti mphepo iwaziziritse.

Mukatuluka pa Cocobana muli pa Beach Straight, nyanja ili kumanzere kwanu. Ndi malo okongola, koma mphepo yochokera kunyanja imakankha galimoto ndipo nthawi zina imabweretsa mchenga ndi chinyezi cha mchere pa phula. Kona yomwe munaidutsa bwino m'mawa ikhoza kuterera masana. Kenako mumalowa gawo lokhotakhota la Butts Bend, The Esses ndi Cox's Corner. Kumeneko liwiro n'lochepa, ndipo ndi komwe galimoto yanu idzakusangalatseni, chifukwa yaing'ono imatembenuka mosavuta kuposa zazikulu zomwe zinakudutsani pa msewu wowongoka. Chinsinsi chake n'kusathamangira kona yoyamba, popeza iliyonse imakuikani pamalo olowera yotsatira. Mukatero mumakwera ndi Back Straight mpaka Beacon Bend, kona ina yokhota kwambiri kumanja, yomwe imakubwezerani pa msewu woyambira. Lowani mu Beacon modekha kuti mutulukemo mowongoka, chifukwa liwiro lotuluka nalo pamenepo ndi lomwe mudzanyamule mtunda wonse mpaka ku Rifle.

Ndinati tibwerera ku matayala. Popeza makona othamanga ndi akumanja, tayala lakutsogolo kumanzere ndi lomwe limasenza katundu. Liyang'aneni nthawi iliyonse mukatuluka, makamaka m'mphepete mwake mwakunja. Mpweya umakwera matayala akatentha, ndiye tengani choyezera chanu ndipo muziyeza mukangoima. Matayala osiyana mitundu pa ekiselo imodzi, okhala ndi chotupa m'mbali, kapena okalamba moti ayamba ming'alu, musapite nawo. Oyilo wa injini akhale pa mzere wapamwamba, chifukwa mu kona yaitali ngati Potters amakhuthukira mbali imodzi ndipo akakhala wochepa pampu imakoka mpweya. Mabawuti a mawilo amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, ndipo muwabwerezenso masana. M'galimoto muchotse chilichonse chosamangirira, ngakhale botolo la madzi, lomwe likhoza kugubudukira pansi pa chopondera mabuleki.

Pali njira zingapo zoyambira, ndipo simukakamizidwa kuyamba ndi yothamanga. Yomwe ndimalimbikitsa ndi kupita kaye kukaonerera tsiku la mpikisano. Kaimeni pomwe mungaone Cocobana, mumvetsere pomwe madalaivala abwino amachotsa moto, muone mmene amafikira mofatsa poyerekeza ndi atsopano. Kenako pemphani kukwera m'galimoto ya munthu wodziwa msewuwu, chisoti chili kumutu. Mukamadzalembetsa nokha, nenani poyera kuti ndi koyamba, akuikeni m'gulu la oyamba kumene, ndipo funsani ngati pali mlangizi woti akhale pambali panu. Maulendo asanu okhala ndi mlangizi amaposa makumi asanu a nokha. Ngati mungaone kuti kuthamanga si kwanu koma malowo akukokani, dziperekeni kuthandiza pa mbendera. Anthu amenewa amasowa nthawi zonse, amaphunzitsidwa, ndipo palibe amene amaona mpikisano pafupi kuposa iwo.

Mbenderazo muzidziwe musanalowe. Yachikasu ikutanthauza kuti kutsogolo kuli vuto, chepetsani ndipo musadutse mnzanu. Yofiira, zonse zaima, bwererani pang'onopang'ono monga akulangizirani m'mawa. Yabuluu, kumbuyo kwanu kuli wothamanga kuposa inu. Musakhotere mbali mwadzidzidzi, khalani pa njira yanu, iye apeza podutsa. Ya mizere yachikasu ndi yofiira ikukuuzani kuti pa phula pali oyilo, madzi kapena mchenga. Galimoto ikakuferani panjira, musatuluke n'kuyamba kuwoloka msewu mpaka woimika mbendera atakuuzani.

Nkhani ya ndalama ndiyenera kuinena mosabisa, popeza mwati galimotoyi ndi yopitira kuntchito. Inshulansi zambiri za magalimoto sizilipira ngozi yochitikira pa msewu wa mpikisano, ngakhale pa tsiku loti si la mpikisano weniweni. Aimbireni foni a kampani yanu, afunseni mwachindunji, ndipo yankho akupatseni molemba. Ngati galimotoyo ili pa ngongole ya banki kapena idakali pa waranti, werengani zomwe munasainira. Dzifunseninso ngati mungathe kufika kuntchito Lolemba galimotoyo itawonongeka. Yankho likakhala ayi, kukwera ndi mlangizi kapena kuonerera kukukwanirani chaka chino, msewuwo mudzaupezabe.

Chinthu chimodzi ndikukupemphani ndi mtima wonse. Popeza mbali ya njirayi imakhala yotsegukira anthu onse masiku wamba, mnzanu kapena wina adzakuuzani kuti mupite madzulo mukayeserere Potters kwaulere. Kanani. Tsiku limenelo ndi msewu wa aliyense, muli magalimoto ochokera kutsogolo, oyenda pansi ndi okwera njinga, mulibe woimika mbendera kapena ambulansi. Yendanimo pa liwiro lololedwa kuti muloweze makona, basi.

Pomaliza, za nthawi yofuna thandizo la ena. Galimoto ipite kwa makaniko wodziwa za mabuleki ndi miyendo ya galimoto masabata awiri tsikulo lisanafike, kuti pakapezeka chosintha mukhale ndi nthawi yochiyesa mumsewu wamba. Muuzeni komwe mukupita nayo, aone mashokabu, mabeyaring'i a mawilo, mapaipi a mabuleki ndi a madzi, komanso podontha oyilo paliponse. Ngati muli ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi, khunyu, chizungulire, kapena mumamwa mankhwala ogonetsa, onanani ndi dokotala kaye, chifukwa m'chisoti mumatentha ndipo mtima umagunda kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Mukagunda chinthu ndi mutu, ngakhale mukumva bwino, lolani a chipatala omwe ali pamalopo akuyezeni ndipo musayendetsenso tsiku limenelo. Za zovala zofunika, mtundu wa chisoti chololedwa ndi masiku otsegulira oyamba kumene, funsani a Border Motorsport Club eniake, osati zomva kwa anzanu. Mukadzafika pofuna kupikisana ndi ena, laisensi yake imachokera ku bungwe la Motorsport South Africa, ndipo a kalabu adzakusonyezani poyambira. Mukabwerako mudzandilemberenso, mundiuze mmene chopondera mabuleki chinkamvekera pa Cocobana pa ulendo wachisanu.